Mwana akakhala chete m'phunziro la Chingerezi, muyeseni kaye m'Chichewa

M'sukulu zambiri za pulayimale kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, vuto la Chingerezi limaonekera mu Sitandade 5, koma silibadwira mmenemo. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 mwana amaphunzira masamu ndi zina zonse m'Chichewa, Chingerezi n'kumabwera ngati phunziro limodzi mwa ambiri. Akangolowa Sitandade 5 zimatembenuka: sayansi, ulimi, masamu, mabuku onse ndi a Chingerezi, ndipo pofika Sitandade 8 mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambire mu Sitandade 1. Koma aliyense amene anaimapo pawindo la kalasi ya ana aang'ono ku Thekerani kapena ku Limbuli akudziwa chimene chimamveka mmenemo. Ndi Chichewa, ndipo m'pake.

Ku England ndi ku America, sukulu imafunsa makolo polembetsa mwana kuti kunyumba amayankhula chiyani, n'cholinga chopeza ana ochepa amene Chingerezi si chawo. Kuno funso limenelo palokha silitithandiza, chifukwa yankho lake ndi kalasi yonse. Chofunika kudziwa n'choti mwana uyu wakakamira pati. Ana asanu akhoza kupeza 12 pa 100 pa mayeso amodzi a Chingerezi, koma zifukwa zake n'kukhala zisanu, ndipo mankhwala a mmodzi sangachize mnzake.

Chimene chimabisa ana otere ndi kuyankhira pamodzi. Mphunzitsi awerenga "The dog is under the tree", kalasi ya ana 110 n'kubwereza mokweza mpaka kumveka ku ofesi. "Are we together?" "Yes madam!" Koma amene akuwerengadi ndi kagulu ka kutsogolo. Enawo akungotsatira pambuyo pang'ono, ngati munthu wa m'kwaya amene sanabwere ku pulakatisi: pakamwa pakugwedera, nyimbo sakuidziwa. Makope nawonso amanama. Mwana akhoza kukopera manotsi a pa bolodi mwaukhondo, masamba atatu, osadziwa liwu ndi limodzi lomwe. Mukafuna kuona zoona zake, phimbani chithunzi cha m'bukumo ndi dzanja, mumuuze mwana aloze pamene palembedwa "tree", kapena awerenge chiganizocho kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Woloweza amagwa pomwepo.

Palibe njira ina, mwana ayesedwe payekha. Anthu amati nthawi palibe, ndiye tiyeni tiwerengetsere. Mphindi 5 pa mwana aliyense, ana 6 pa tsiku, ndi theka la ola. Kalasi ya ana 120 imatha pa masiku 20, masabata anayi a teremu yoyamba. Mukakhala aphunzitsi awiri m'kalasimo, masabata awiri. Enawo apatseni ntchito yolemba, inu mukhale pakhomo ndi mipando iwiri pamene mukuona kalasi koma anzake sakumva zimene mwanayo akuyankha. Musamuuze kuti ndi mayeso. "Bwera kuno mwanawe, undithandize kuwerenga kakhadi aka" n'kokwanira.

Mphindi yoyamba ndi yocheza m'Chichewa. Dzina lako ndani, umakhala ndi yani, chaka chatha unali sukulu iti, agogo akamakutuma amayankhula chiyankhulo chanji? Apa musafulumire kuganiza. Anthu akunja akamva kuti Mulanje ndi Thyolo ndi kwa Alhomwe, kumene chaka ndi chaka kumachitika mwambo wa Mulhako pa Chonde, amayesa kuti ana amabwera kusukulu akuyankhula Chilhomwe. Zoona zake n'zoti ana ambiri a mabanja a Chilhomwe anakulira Chichewa, Chilhomwe amachimva kwa agogo. Alipo ena, makamaka chakumalire, amene pakhomo pamamveka Chilhomwe tsiku lonse, ndi ena a mabanja a Chiyao. Dzina la bambo silikuuzani zimenezi, mufunseni mwanayo ndipo mumvetsere mmene akuyankhira.

Kenaka khadi la Chichewa, ndipo ili ndiye gawo limene ambiri amalilumpha poganiza kuti "ine ndikuyesa Chingerezi". Pamwamba malembo 10 osakanizasakaniza, osati a, b, c motsatana. Pakati maphatikizo 10, kuyambira osavuta monga ma, ku, li, kufika pa nde, mbe, nkha, tsi, ng'o. Pansi kankhani ka mawu 40 kapena 50 kamene mwalemba nokha, kosapezeka m'buku lililonse la m'kalasi. Mpatseni mphindi imodzi, muike kadontho pa pepala lanu pamene walekezera, mumufunse mafunso awiri pa nkhaniyo. Akalephera mzere woyamba wonse, lekerani pomwepo, mumuthokoze. Kumukakamiza mpaka pansi n'kungomuchititsa manyazi, ndipo zimene mumafuna mwazidziwa kale.

Chifukwa choyambira ku Chichewa n'chakuti kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi. Mwana akadziwa kuti lembo limaimira liwu, kuti maliwu amaphatikizana, kuti zolembedwa zimanena kanthu, luso limenelo amapita nalo ku chiyankhulo chilichonse. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina, Eddie Williams, anayerekeza ana a ku Malawi ndi a ku Zambia, nthawi imene ku Zambia ankaphunzitsa m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba. Anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi ana a ku Zambia sanapose a kuno, pamene pa kuwerenga chiyankhulo cha makolo a kuno anawasiya kutali. Zaka zinayi za Chichewa sizinawabere Chingerezi chilichonse. N'chifukwa chake pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga, ya NRP imene inayamba mu 2016, imalimbikira maliwu ndi maphatikizo a Chichewa m'makalasi oyamba, Chingerezi n'kumayamba ndi kumva ndi kuyankhula.

Mphindi ziwiri zotsatira ndi za Chingerezi, koma m'magawo awiri osiyana. Poyamba makutu okha, popanda cholembedwa: "Touch your ear." "Give me two stones." "Put the book under the chair." Manja anu akhale pa maondo, chifukwa ana ndi akatswiri owerenga manja ndi maso a mphunzitsi, mukangoyang'ana mpandowo, mwamuuza kale yankho. Kachiwiri awerenge ziganizo zinayi kapena zisanu zopangidwa ndi mawu a m'buku la kalasi yam'mbuyo, koma osanjidwa mwatsopano. Akamaliza, funso likhale la m'Chichewa: "Tandiuza, nkhaniyi ikuti chiyani?" Mukamufunsa m'Chingerezi n'kukhala chete, simudziwa ngati sanamve nkhani, sanamve funso, kapena wamva zonse koma akusowa mawu oyankhira.

Mphindi yomaliza ndi ya thupi. Imani kumbuyo kwake patali ngati dzanja lotambasula, munong'oneze nambala zitatu m'Chichewa kapena mmene amaziwerengera, khutu limodzi atatseka, kenaka linalo. Yang'anani ngati m'khutu mukutuluka mafinya. Muimikeni kumbuyo kwa kalasi awerenge malembo a pa bolodi, muone ngati akutsinzinira. Mwana wosamva bwino amatha kubisala zaka zinayi m'Chichewa, poti theka la liwu limamukwanira kuti aganizire lonse. M'Chingerezi alibe poganizira, ndiye amangozimiririka. Ameneyu akufunika kalata yopita nayo kuchipatala ndi mpando wakutsogolo, osati makalasi owonjezera.

Mukamaliza kalasi yonse, ana amagawika okha.

Alipo amene sawerenga ngakhale Chichewa. Mu Sitandade 4 ndi 5 amapezeka ochuluka kuposa mmene mphunzitsi amayembekezera. Awa vuto lawo si Chingerezi, ndipo kuwaunjikira ndime za Chingerezi n'kutaya choko. Abwerere ku maphatikizo, mphindi 30 katatu pa sabata, m'gulu losapitirira ana 15 kapena 20, ndi makhadi odula ku makatoni. Muyambe ndi malembo asanu a liwu, muwonjezere awiri kapena atatu opanda liwu pa sabata, ndipo tsiku lomwelo apange mawu enieni: mama, make, kalulu. Ana akuluakulu amathamanga pa zimenezi kuposa a Sitandade 1, bola musawaike pamodzi ndi tiana, chifukwa mnyamata wa zaka 13 amalolera kujomba kusiyana n'kuimba a e i o u ndi mng'ono wake. Chingerezi chawo chipitirire, koma cha pakamwa.

Musanawaweruze, tsegulani kaundula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitsinje ngati Ruo, Thuchila ndi Lichenya imadzaza, ganyu amachuluka, kumaesiteti ndi nyengo yothyola tiyi ndipo wamkulu pakhomo amatsala ndi ana. Onjezani masiku a msika ku Limbuli kapena ku Bvumbwe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatseketsa sukulu masabata angapo, makalasi ena n'kusanduka malo ogona anthu othawa madzi, ndipo amene anali mu Sitandade 1 ndi 2 nthawi imeneyo anataya masabata ophunzirira maphatikizo. Mwana wojomba masiku awiri pa sabata alibe vuto la m'mutu, ali ndi mabowo. Nkhani yake ndi ya amayi a mother group ndi a komiti ya sukulu.

Gulu lalikulu kwambiri ndi la amene amawerenga Chichewa bwinobwino, Chingerezi n'kumachitchula ngati Chichewa, tanthauzo osalimva. "Come" amati ko-me, "made" amati ma-de, "phone" amayamba ndi ph wa phala. Aphunzitsi ena amakwiya nazo, koma ichi n'chizindikiro chabwino: mwanayu makina owerengera ali nawo, akungogwiritsa ntchito malamulo a Chichewa, mmene lembo lililonse limasunga liwu lake. Palibe amene anamuuza poyera kuti Chingerezi sichitero. Muuzeni. Lembani "cat", "cake", "call" pa bolodi, aone yekha kuti lembo la a limodzi lomwelo lalira mitundu itatu. Phunzitsani kachitidwe kamodzi pa sabata, mwachitsanzo e wakumapeto amene satchulidwa koma amasintha lembo la pakati, ndi mawu 8 kapena 10 a banja limodzi: make, take, lake, name, game. Sabata ina ph ndi th, ina ee ndi ea.

Zolakwa zawo zambiri n'zodziwikiratu, poti zimachokera ku Chichewa. Tili ndi maliwu asanu okha a a, e, i, o, u, pamene Chingerezi chili ndi oposa khumi, motero "ship" ndi "sheep", kapena "hat", "hut" ndi "heart", kwa mwana zimamveka chimodzimodzi. Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, ndiye "play" ndi "pray" amasinthana. Mawu athu amathera pa lembo la liwu, ndiye "desk" amasanduka desiki. Tilibe "he" ndi "she", iye ndi iye basi, ndipo "a" ndi "the" kwathu kulibe. Maganizo anga ndi oti katchulidwe musatayirepo nthawi yambiri, Chingerezi cha m'mphuno sichikhozetsa mayeso. Limbanani ndi zokhazo zimene zimasintha tanthauzo kapena zimalowa m'zolemba. Mwana akati "My mother he is sick", musamudule pakamwa. Yankhani kuti "Oh, she is sick? Sorry. When did she fall sick?" amve "she" kawiri, nkhani ipitirire.

Koma njala yeniyeni ya gululi ndi mawu. Ofufuza za kuwerenga amagwirizana pa mfundo iyi: kuti munthu amve ndime payekha, pa mawu 100 alionse osawadziwa asapitirire 5. Tengani tsamba la buku la sayansi la Sitandade 5, mupatse mwana pensulo adule mzere pansi pa mawu amene sakuwadziwa, muwerenge mizereyo. Mukatero simudzadabwanso kuti ana amalowezeranji manotsi.

Ntchito imeneyi si ya mphunzitsi wa Chingerezi yekha. Wa sayansi, wa ulimi, wa masamu, aliyense asankhe mawu 5 mpaka 8 amene phunziro la lero silingayende popanda iwo, awaphunzitse pa mphindi zisanu zoyambirira. Chinthu chenicheni chikhale m'manja ngati n'kotheka. Zulani chitsamba kuseri kwa kalasi ndi mizu yake, mwana agwire "root", "stem", "leaf", atchule, alembe pa khadi, khadilo likapachikidwe pa chingwe kukhoma. Mawu omwewo abwerenso mawa, abwerenso pakatha masiku atatu, ndi sabata yotsatira. Ophunzitsidwa kamodzi amauluka pofika Lachisanu. Khoma nalo lisamakhale ndi makhadi omwewo chaka chonse mpaka kuyera ndi fumbi. Ana amasiya kuwaona.

Pali mawu ena amene palibe amawaphunzitsa chifukwa si a phunziro lililonse, koma ndi amene amagwetsa ana pa mayeso: list, state, name, explain, give two reasons, except, ndi kaja ka "which of the following is not". M'masamu muli altogether, share equally, difference, remainder. Onani funso ili: "Mary had 20 bananas. She sold 12. How many were left?" Mwana anaphunzira "left" m'nyimbo ya kumanja ndi kumanzere. Masamuwo amawatha, pa msika nthochi amagulitsa yekha ndipo chenji salakwitsa, koma pa pepala aphatikiza 20 ndi 12. Mufunseni funso lomwelo m'Chichewa. Akayankha 8, chongani kuti vuto ndi chiyankhulo, ndipo musamubwerezetse kuchotsera.

Nanga Chichewa chiloledwe m'kalasi ya Sitandade 5? Chimalowa kale, chinsinsi palibe. Nkhani ndi kalowedwe kake. Mphunzitsi akamamasulira chiganizo chilichonse, ana amaphunzira kutseka makutu pa Chingerezi n'kudikira Chichewa chikubwera. Akakana Chichewa kotheratu, amayankhula yekha mphindi zonse. Njira imene imagwira ndi iyi: nenani mfundo m'Chingerezi chachifupi, muunikire m'Chichewa mawu ovuta okhawo, mubwerezenso m'Chingerezi, kuti chomaliza kumveka chikhale Chingerezi. Pofunsa funso, apatseni mphindi ziwiri akambirane awiriawiri m'chiyankhulo chimene akufuna, kenaka ayankhe m'Chingerezi potsamira chiganizo chimene mwachiyamba pa bolodi: "Plants need roots because ..." Ndondomeko ija ya m'mabuku a aphunzitsi, yoti ayambe mphunzitsi, kenaka mphunzitsi ndi ophunzira, pomaliza ophunzira paokha, ndi yabwino, koma gawo lachitatu ndi limene limadyedwa belu likayandikira. Pamene ndi pokhapo mwana amatsegula pakamwa payekha. Ndipo posankha woyankha musamangotenga okweza manja. Lembani mayina pa timitengo, muzitola m'chitini.

Za chibalo cha oyankhula Chichewa pasukulu, kuveka mwana chikatoni pakhosi kapena kumutchetchetsa udzu, ndinene mosabisa kuti sindigwirizana nazo. Chimene mwana amaphunzirapo ndi kukhala chete, ndipo wachete Chingerezi sachiphunzira. Kuli bwino kukhala ndi nthawi yodziwika, mphindi 10 pa asembule kapena kalabu ya Lachitatu masana, pamene aliyense amayesa ndipo kuseka wolakwitsa ndiko koletsedwa.

Kagulu kena ndi ka ana ochokera ku Mozambique, amene sukulu za kufupi ndi Muloza zimawadziwa bwino. Ambiri a mbali ya Milange Chichewa amayankhula, koma anayamba sukulu m'Chipwitikizi, ndipo kumeneko Chingerezi chimayamba m'makalasi apamwamba. Cholakwika chofala n'kumuyesa m'Chingerezi, kuona kuti palibe chimene akudziwa, n'kumutsitsira ku Sitandade 2 ali ndi zaka 12. Mpatseni masamu a manambala okhaokha, opanda mawu. Mpatseni khadi la Chichewa lija. Ngati anaphunzira kuwerenga kwawo, malembo ndi omwewo ndipo adzaphatikiza ndithu. Akakhoza ziwirizi, akhale ndi a msinkhu wake kapena kalasi imodzi kutsika, pambali pa mnzake wodekha amene angamunong'oneze. Ali ndi mwayi umene anzake alibe, poti mawu ambiri a Chingerezi cha m'mabuku, monga hospital, animal ndi family, amafanana ndi a Chipwitikizi. Amene Chichewa chenichenicho chikumuvuta, kaya pakhomo ndi pa Chilhomwe kaya Chiyao, mnzake wa chiyankhulo chomwecho ndiye thandizo loyamba, ndipo milungu yoyamba musamukakamize kuyankha pagulu.

Samalaninso ndi mwana wa paboma kapena wa pa Luchenza amene amalavula Chingerezi cha m'mafilimu. Jim Cummins, pofufuza ana osamukira ku Canada, anapeza kuti Chingerezi chochezera chimabwera pa zaka ziwiri, pamene cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7, ndipo awo ndi ana okhala pakati pa Chingerezi tsiku lonse. Wolongololayo muyeseni ngati anzake onse.

Makolo ambiri amati, "Ife Chingerezi sitichidziwa, tithandiza bwanji aphunzitsi?" Auzeni chinthu chimodzi chotheka: madzulo mwana awawerengere mokweza tsamba limodzi la Chichewa, ndipo awafotokozere m'Chichewa zimene waphunzira m'Chingerezi. Agogo osadziwa lembo amamva ndithu ngati mdzukulu akudodoma. Izi zimafuna kuti buku lipite kunyumba, ndipo apa ndi pamene ahedi ena amauma mtima, mabuku n'kukhala m'katoni mu ofesi kuopa kung'ambika. Likutidwe ndi pepala la pulasitiki, lilembedwe nambala, kholo lisayinire, lipite.

Mwana amene wabwera mokhulupirika teremu yathunthu, makutu ndi maso zili bwino, wathandizidwa m'gulu laling'ono, koma maphatikizo a Chichewa akumukanabe, ameneyo ndiye wofunika kuonedwa ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera, aja amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Dzerani kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yanu, ndipo mupite ndi zolemba, osati mawu oti "mwanayu ndi wogona". Kulephera Chingerezi chokha si chifukwa chomutumizira kumeneko.

Zolembazo zisakhale zambiri, apo ayi palibe adzazisunge. Kope limodzi pa kalasi, mzere umodzi pa mwana: dzina, chiyankhulo cha pakhomo, pamene wafika m'Chichewa (malembo, maphatikizo kapena nkhani), malamulo angati a Chingerezi amene wamva, ngati wafotokoza ndime, makutu ndi maso, masiku ojomba. Kumapeto kwa teremu yesaninso a m'magulu othandizidwa okhawo, ndi kankhani katsopano kofanana kulimba kwake, chifukwa kakale aja akhala atauzana. Wofika pa nkhani atuluke m'gulu la maphatikizo sabata yomweyo, malo ake alowe wina. Chaka chikatha kopelo lisatsalire m'kabati ya Sitandade 4. Liperekedwe m'manja mwa mphunzitsi wa Sitandade 5 sukulu isanatsekere, awiriwo akhale pansi ola limodzi, adutse dzina ndi dzina.